Musanayatse Kompyuta, Valani Nsapato

Ana anga, inu amene mwangoyamba kumene ntchito m'maofesi a mapulani ku Kadoma ndi ku Chegutu, ndamva madandaulo anu. Mukuti kukanakhala droni, kompyuta yamphamvu ndi intaneti yosadukaduka, bwenzi matauni awiriwa atalongosoka kale. Sindikutsutsani. Zipangizozo n'zofunika, ndipo zina mungazipeze osatulutsa ngakhale senti. Koma ine ndakalambira pa tebulo lojambulira mapu, ndipo ndaona kuti chida chimangokulitsa chimene mwini wake akudziwa kale. Ofesi imene sidziwa anthu ake ikapeza droni, imangofulumira kuwalakwira.

Lamulo limene mukugwirira ntchito, la Regional, Town and Country Planning Act, ndi la mu 1976, dziko lisanalandire ufulu. Limati khonsolo ikhale ndi master plan, yomwe imanena kumene tauni ikulowera, kenako ma local plan, omwe amanena za msewu uwu ndi sitandi iyi. Mu Novembala 2023 boma linalamula makhonsolo onse 92 kuti pofika pa 30 Juni 2024 akhale ndi master plan. Nthawi inali yochepa, ndipo makhonsolo ambiri analemba ganyu akatswiri akunja kwa ofesi. Mabukuwo alipo tsopano. Koma buku lolembedwa mothamanga silingadziwe kuti kuseri kwa nyumba yakutiyakuti kuli mabanja anayi. Zimenezo zikudikira inu, mu ma local plan, ndipo mu ofesi mwanu mwina muli anthu awiri kapena atatu basi, galimoto n'yobwerekana ndi a zaumoyo.

Dziwani kaye tauni imene mwaipeza. Kadoma, imene mpaka 1982 inkatchedwa Gatooma, ndi Chegutu, imene inali Hartley, zinakula chifukwa cha golide, thonje ndi njanji ya pakati pa Harare ndi Bulawayo. Kunali Cam and Motor ku Eiffel Flats, Dalny ku Chakari, migodi ya ku Gadzema, malo ofufuzira za thonje amene anatsegulidwa ku Gatooma mu 1925, ndiponso mafakitale a nsalu a David Whitehead m'matauni onse awiri. Amene anajambula mapulani oyamba ankaganiza za munthu wodzuka m'mawa kupita ku kampani, wolandira pakutha pa mwezi, amene akakalamba adzabwerera kwawo. Ku Rimuka, mu Kadoma, kuli nyumba zomwe zinamangidwira mwamuna wobwera yekha kudzagwira ntchito, ndipo lero mukugona banja lonse ndi adzukulu omwe. Makina a nsalu atatonthola, anthu sanachoke. Anatembenukira ku maenje a golide, kuwotcherera zitsulo pakhomo, kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 100,000 mu Kadoma ndi oposa 60,000 mu Chegutu, koma mapaipi ambiri amene akuwamwetsa anakwiriridwa tauni ili yaing'ono kwambiri. Mukamayang'ana mapu akale a mu ofesi, mukuyang'ana tauni imene inatha kalekale.

Vuto loyamba limene kompyuta ingakuthandizeni ndi la mapu obalalika. Malo amodzi omwewo ali ndi eni mapu ambiri. Malire a sitandi ali kwa Surveyor-General. Umwini uli ku Deeds Registry ku Harare. Madambo akuyang'aniridwa ndi bungwe loona za chilengedwe la EMA. Malo okumba miyala akuperekedwa ndi unduna wa migodi, pansi pa lamulo la Mines and Minerals Act, lomwe limapatsa mgodi mphamvu zambiri kuposa ntchito zina za pa nthaka. Mukangotuluka m'malire a tauni mwalowa m'manja mwa khonsolo ya kumudzi, kaya ya Sanyati, ya Mhondoro-Ngezi kapena ya Chegutu, ndipo mafamu ozungulira tauni amene anatengedwa kuyambira mu 2000 ndi nthaka ya boma. M'mipata ya pakati pa maofesi amenewa ndi mmene amadutsa akamberembere ogulitsa malo, amene kuno timawatcha ma land baron. Nkhani yawo inakula mpaka boma linakhazikitsa komiti ya Justice Tendai Uchena yofufuza kagulitsidwe ka nthaka ya boma yozungulira matauni, ndipo inapereka lipoti lake mu Disembala 2019.

Ife kale tinkasanjikiza mapepala oonekera mkati pamwamba pa mapu, n'kumayang'ana pamene mizere yawombana. Ntchito imeneyo pulogalamu ya QGIS imaichita m'kanthawi kochepa, ndipo ndi yaulere, imayenda ngakhale pa laputopu yotopa, siifunanso intaneti mukaiika kale. Ikani malire a masitandi, pamwamba pake madambo, pamwamba pake malo a migodi, pamwamba pake njira za mawaya a magetsi a ZESA ndi malire a njanji. Tsiku limene mudzaone koyamba kuti sitandi ya sukulu yagona pakati pa malo amene wina anapatsidwa kuti akumbe golide, mudzamvetsa chimene munalembedwera ntchito.

Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chagwetsa anyamata ambiri ophunzira bwino. Mapu akale a dziko lino anayezedwa pa muyeso wa Arc 1950, pamene GPS ya m'foni mwanu imayeza pa WGS 84. Mukazisakaniza osauza kompyuta, malo amasuntha ndi mamita mazana awiri kapena atatu, ndipo kompyutayo siikuchenjezani. Imangojambula mzere wooneka bwino. Mamita amenewo ndi nyumba za anthu mizere ingapo. Musanakhulupirire mapu alionse atsopano, pitani pa bikoni imene mukuidziwa, muime pamenepo, muone ngati kadontho ka pa foni kagwera pomwe mwaimapo. Ndiponso foni si saveya. Imaphonya ndi mamita angapo, kotero ndi yabwino posonyeza pamene pali chitsime, osati poweruza mlandu wa mpanda pakati pa anthu oyandikana.

Tsopano za pansi pa nthaka, zimene droni singaone. Kuno pansi pali zinthu ziwiri zotipha: mapaipi ndi maenje.

Inu ambiri munali ana mu 2008 ndi 2009, pamene kolera inagwira anthu oposa 98,000 m'dziko muno n'kupha oposa 4,000, Chegutu ili m'gulu la malo amene anavutika koposa. Inabwereranso ku Chegutu mu Januwale 2018. Kayendedwe kake n'kodziwika. Madzi akasiya kutuluka, paipi imatsala yopanda kanthu, ndipo ngati pafupi pake suweji yaphulika, zonyansa zimalowera m'ming'alu. Madzi akabwerera, zonsezo zimathera mu ndowa ya mayi amene wadikira pa mpope usiku wonse. Chegutu inalandirapo thandizo lokonzera madzi ndi suweji kudzera mu thumba la Zim-Fund loyendetsedwa ndi African Development Bank, koma ndalama zikabweranso, kaya za kunja kaya za boma, funso loyamba lidzakhala lomwe lija: paipi yowola ili pati? M'matauni ambiri yankho lili m'mutu mwa pulamba mmodzi wachikulire. Iye ndiye akudziwa valavu imene inakwiririka pansi pa shopu, ndi paipi imene inakhota kuzemba thanthwe ngakhale mapu akuti inawongoka. Akapuma ntchito, kapena akatsikira kulichete, zonsezo zapita naye. Ndikupemphani ndi mtima wonse, musadikire. Ikani KoboToolbox pa foni, ndi yaulere ndipo imagwira popanda netiweki, konzani kafomu kamafunso ochepa, ndipo tsiku limodzi pa sabata muziyenda nawo bambo ameneyo. Iye aziloza, inu muzilemba malo, kukula kwa paipi, chithunzi. Muwapatse ulemu wawo, muwalembe dzina pa mapu amene adzatulukewo. Kenako dandaulo lililonse la suweji yophulika muziliika pa mapu omwewo, ndipo mupemphe a zaumoyo kuti azikuuzani madera kumene odwala m'mimba akuchokera. Pakangotha miyezi yochepa madontho adzaunjikana okha, ndipo mudzalowa mu msonkhano wa bajeti muli ndi choloza. Makhansala amakangana ndi mawu, koma n'kovuta kukangana ndi madontho makumi atatu pa msewu umodzi.

Maenje nawo ndi choncho. Nthaka ya chigawo chino yakumbidwa kwa zaka zoposa zana, ndipo makorokoza, okumba golide paokha, akulowa m'migodi yakale n'kumagumula ngakhale nsanamira za miyala zimene azungu anasiya kuti zigwire denga. Mu Febuluwale 2019 madzi analowa m'migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields, anthu oposa 20 anafera momwemo. Mu Seputembala 2023 mgodi wa Bay Horse m'boma la Chegutu unagumukira anthu. Ndipo mu Malichi chaka chomwecho, ku Kwekwe, pansi pa kalasi ya sukulu ya pulayimale ya Globe and Phoenix panatitimira ana ali mkati. Za ku Kwekwe zimandisowetsa tulo, chifukwa munthu wa ntchito yathu ndiye amasaina kuti apa pamangidwe. Musanavomereze masitandi atsopano kufupi ndi mgodi uliwonse, funsani mapu a pansi kwa eni mgodi ndi ku unduna, ndipo pamene mapu palibe, funsani madala amene anagwiramo ntchito. Ambiri a iwo amayankhula chinenero chimene ndikulemberamo chino.

Za madambo sindichulutsa. Google Earth ili ndi zithunzi za zaka zambuyo, ndipo setilaiti ya Sentinel-2 imapereka zithunzi zaulere pafupipafupi. Yang'anani pamene pamakhala pobiriwira mu Seputembala kwina konse kutauma. Kenako mupiteko mu Febuluwale mutavala magambutsi. Sitandi yogulitsidwa m'chilimwe imaoneka yabwino nthawi zonse.

Ndifike pa chimene chandipangitsa kulemba. Bambo anga anachokera ku Dedza. Anzawo ena anabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena kudzera mwa bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ndipo anathera m'makomboni a migodi ndi mafamu a kuno. Ana awo tinabadwira kuno, tilibe mudzi wina wothawirako. Kwa zaka zambiri zitupa zathu zinalembedwa kuti ndife alendo, ndipo lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri anachotsedwa m'kaundula wa mavoti. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabweza unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Koma mpaka lero alipo agogo opanda chitupa, ana awo opanda setifiketi ya kubadwa, ndipo munthu wotero salowa pa mndandanda wodikira sitandi. Mgodi ukatsekedwa, komboni imatsala m'malere: kampani yachoka, khonsolo ikuti si kwathu, madzi aima. Pa mapu pamangolembedwa kuti malo a mgodi, ngati kuti palibe munthu.

Munthu amene sali pa mapu savuta kumugwetsera nyumba. Ndinaziona mu Meyi ndi Juni 2005, nthawi ya Murambatsvina, pamene zipinda za kuseri ndi timisika zinaphwasulidwa m'nyengo yozizira. Lipoti la Anna Tibaijuka ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pogona kapena podyera, ndipo lamulo limene ankalitchula pogwetsapo ndi lomwe lija la 1976 limene lili pa desiki panupo. Anzathu eni dziko anauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Ife kumudzi kwake kuti?

N'chifukwa chake droni ndimaiopa pamene ndikuifuna. ZINGSA, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 2018, yakhala ikujambula malo okhala anthu kuchokera kumwamba, ndipo zithunzi zake zingakuchepetsereni ntchito ya chaka kukhala ya mwezi. Koma chithunzi chimawerenga madenga. Sichidziwa kuti pansi pa denga limodzi pali maloja asanu, kuti mayi wa m'nyumbamo ndi wamasiye amene pepala la nyumba lili m'dzina la malemu, kapena kuti banjalo lakhala pamenepo kuyambira nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland. Chithunzi chomwecho chingathandize kukokera paipi ya madzi kwa anthuwo, chingathandizenso kulondolera buludoza. Kusiyana kwake kuli mwa inu. Chithunzi chikafika, chisindikizeni chachikulu, mupite nacho kwa eni ake, azilemba okha nambala pa denga lililonse n'kunena amene akugonamo. Amayi a Zimbabwe Homeless People's Federation, pamodzi ndi Dialogue on Shelter, akhala akuchita kalembera wotere kwa zaka zambiri, ndipo amaudziwa kuposa ife a masukulu. Ku Dar es Salaam, ntchito ya Ramani Huria inatumiza ophunzira ndi anthu a m'makwalala kukajambula ngalande ndi malo osefukira madzi pa OpenStreetMap. UN-Habitat inakonzanso chida chotchedwa STDM, chokhala mkati mwa QGIS momwemo, cholembera ubale wa munthu ndi malo ake ngakhale alibe chikalata cha umwini. Pa fomu yanu musaike chitupa ngati khomo lolowera. Wopanda chitupa mulembeni ndithu, ndipo chiwerengero cha anthu otero mukachipereke kwa a kaundula kuti abwere.

Mayina mukatolera muwasunge ngati mankhwala oopsa. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 likukumangani, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, mndandanda wa anthu osauka okhala pa malo opanda mapepala si chinthu chotumiza pa gulu la WhatsApp. Ndipo wina akadzakuuzani kuti mukonze mapu a nyumba zoti zigwe, kumbukirani gawo 74 la malamulo oyendetsera dziko: nyumba ya munthu sigwetsedwa popanda chigamulo cha khoti. Munene zimenezo mwaulemu, ndipo muzilembe pa pepala.

Kulemba kumeneku kudzakupulumutsani m'zambiri. Adzabwera akuluakulu, ena ovala bwino kwambiri, kudzapempha kuti bwalo losewerera ana lisanduke masitandi, kapena kuti fayilo ya m'bale wawo idumphe mzere. Mu ofesi ina imene ndinagwiramo, fayilo ya pepala inkatha kusowa Lachisanu n'kupezeka Lolemba ili ndi tsamba latsopano. Apa ndi pamene ndimaiyamikira kompyuta koposa. Pempho lililonse la chilolezo chomanga lizilowa m'kaundula tsiku lomwe lafika, ndi nambala yake, ndipo mwini pempho azilandira nambalayo pa foni. Mapepala onse muziwajambula ndi sikana, kapena ndi foni imene. Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, kuti wosintha malire a sitandi adziwike ndi ola lomwe. Wanu musabwereke munthu, ngakhale bwana. Mkulu wina akakukakamizani, simufunika kukangana naye. Mungomuuza kuti makina amalemba dzina la aliyense wokhudza fayiloyo, ndipo mumupemphe kuti lamulo lakelo alilembe. Ambiri amabwerera pomwepo.

Kaundula wa masitandi ameneyu mumulumikize ndi wa ku ofesi ya ndalama. Nyumba zambiri zili pa nthaka koma sizili m'buku la misonkho, ndipo khonsolo yopanda ndalama ilibe pulani, ili ndi zofuna chabe. Chikhalire anthu ambiri anafooka kulipira kuchokera pamene boma linalamula mu 2013 kuti ngongole za makhonsolo zifafanizidwe. Koma musathamangire kutumiza bilu kumene simunafikitse madzi. Anthu amalipira chimene akuchiona.

Katswiri waganyu akamaliza ntchito, musalandire buku ndi PDF zokha. Mu mgwirizano mulembedwe kuti mafayilo onse a mapu, amene mungawatsegule ndi kuwasintha nokha mu QGIS, ndi a khonsolo, ndipo ndalama yomaliza ituluke mutawatsegula pa kompyuta yanu n'kuona kuti akugwira. Ndaonapo ofesi ikulipira kawiri mapu amodzi chifukwa mwini laputopu anasamukira ku Johannesburg. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chimodzimodzi ndi mapulogalamu olipira chaka ndi chaka m'madola: wopereka thandizo akachoka, laisensi imatha, mapu n'kutsekeka. Sungani zonse malo atatu, kumodzi kukhale kunja kwa nyumba ya khonsolo, ndipo pa bajeti muyambe mwapempha sola ndi batire musanapemphe droni, pakuti magetsi a kuno mukuwadziwa. Chimene mwaphunzira muphunzitse mnzanu wa pa desiki yoyandikana. Pakati pa Kadoma ndi Chegutu pali makilomita osafika 40. Palibe chifukwa choti ofesi iliyonse izivutika payokha ndi fomu imene anzawo anaikonza kale.

Lamulo limati pulani ikakonzedwa iikidwe poyera miyezi iwiri kuti anthu aione ndi kutsutsa. Nthawi zambiri poyera pamenepo ndi pa khoma la ofesi ndi pa tsamba la nyuzipepala ya Chingerezi, ndipo miyezi iwiri imatha osabwera munthu. Kuiika pa intaneti kokha sikusintha kanthu, chifukwa mayi wogulitsa masamba ku Pfupajena, mu Chegutu, amagula bandulo ya WhatsApp basi. Dulani mapuwo m'zidutswa za wadi imodziimodzi, chithunzi chopepuka, mutumize pamodzi ndi mawu ojambulidwa m'Chishona ndi m'Chichewa ofotokoza chimene chisinthe pa msewu wawo. Mayankho obwera ndi mawu apakamwa muwalembe m'kaundula mofanana ndi kalata ya loya. Ndipo mupitebe nokha, Loweruka ku msika, Lachisanu pa mzikiti anthu akatuluka, Lamulungu ku tchalitchi cha CCAP ndi kwina, mapu ali m'manja.

Mukafika ku makomboni akale a migodi ndi mafamu, funsani za manda. Ambiri sali pa mapu alionse, chifukwa kampani inkangoloza tchire kuti muziika uko, ndipo mitumbira ina ilibe mwala. Lowani ndi akuluakulu a pamalopo, muyende m'mbali mwake ndi foni, malirewo alowe mu local plan ngati malo osamangapo. Kufupi ndi manda otero nthawi zambiri kumakhala dambwe la Gule Wamkulu, amene anzathu kuno amati zvigure. Kumeneko musalowe ndi kamera, ndipo droni isauluke pamwamba pake. Khalani pansi ndi eni gule, akuuzeni okha kukula kwa nkhalango imene ikufunika kusiyidwa. Pa mapu a anthu onse mulembe kuti ndi malo otetezedwa a chikhalidwe, ndipo zina zonse zimene akuuzani zikhale mu fayilo imene ingatsegulidwe ndi chilolezo chawo chokha.